Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya

Chidule cha khutba ya Swala ya Ijuma, Nkhotakota



Tikuyamba ndi kumutamanda Allah (S.W.T.), Mwini nyanja iyi ndi zonse zili m'menemo, amene amadyetsa nsomba pansi pa madzi ndi kudyetsanso msodzi pamwamba pa madzi. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W.), kwa akubanja kwake, kwa maswahaba ake ndi kwa onse otsata mapazi awo mpaka tsiku la Qiyaama. Tikudzilangiza ife eni, ndipo tikukulangizaninso inu nonse, kuti timuope Allah mumzikiti ndi pamsika pomwe, poyera ndi pobisika.

Nkhani yathu lero ndi ya zinthu ziwiri zimene zimamveka ngati zili kutali: dongosolo la chuma limene likuyendetsa dziko lapansi, ndi uchigawenga umene udagwedeza dziko lamphamvu la America. Mwina wina mwa ife akudzifunsa kale kuti: ine wa ku Linga, wa ku Sani, wa ku Chia kapena wa ku Dwangwa, amene nkhawa yanga ndi mtengo wa petulo wa injini ndi mwera wa usiku uno, za ku New York zindipindulira chiyani? Yankho lake ndi lakuti zinthu ziwirizi zidatipeza kale pakhomo. Chimodzi chidatipululira nkhokwe isanafike njala ya 2002. Chinacho chidabutsa chipolowe ku Mangochi mu 2003, ndipo kuyambira mu 2017 chatenga anyamata ambiri Achisilamu, asodzi ngati athuwa, m'dziko loyandikana nalo la Mozambique. Choncho pamene tikunena za America lero, tikunena za ana athu.

Ulamuliro wa mpamba

Dongosolo limene azungu amalitcha capitalism ife tingalitche ulamuliro wa mpamba. Mutu wake ndi wakuti wokhala ndi mpamba ndiye mwini mawu: ndiye amagula, ndiye amalemba ntchito, ndiye amaika mtengo, ndipo cholinga cha zonsezo ndi chakuti mpambawo ubale mpamba wina. Tisaname pamalo olemekezeka ngati ano. Dongosololi labweretsa zinthu zambiri zothandiza. Injini za maboti athu, mankhwala a malungo, foni imene timalandirira ndalama kuchokera kwa ana athu ku Johannesburg, zambiri mwa izi zidafika chifukwa wina ankafunapo phindu. Chisilamu sichidana ndi phindu. Mtumiki (S.A.W.) adali wamalonda asanapatsidwe utumiki, ndipo ankayendetsa katundu wa mayi athu Khadija (R.A.). Abdur-Rahman bin Auf (R.A.) atafika ku Madina chimanjamanja, adakana kugawiridwa chuma cha m'bale amene adamulandira, nangopempha kuti amulozere njira ya kumsika. Chimene Chisilamu chimakana ndi msika wopanda malire, wosaopa Mulungu ndi wosachitira manyazi munthu. Msika wotere uli ndi ming'alu inayi, ndipo yonse taiona ndi maso athu.

Mng'alu woyamba ndi wakuti mpamba sudziwa kunena kuti basi, ndakhuta. Ukatha kugulitsa zinthu umayamba kugulitsa anthu. Umboni wake uli pansi pa mapazi athu. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika kuno kuchokera kugombe la nyanja yamchere. Pa doko lomweli padalowa Chisilamu, mpunga ndi luso lokhoma zombo, ndipo pa izo timayamika Allah. Koma pa doko lomwelinso padatuluka minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'magoli, kuwolotsedwa nyanja ulendo wa ku Kilwa kuti akagulitsidwe ngati nsalu. Minda ya ku Zanzibar inkafuna antchito, olemera a ku India, ku Ulaya ndi ku America ankafuna minyanga, ndipo phindu lidatseka maso a anthu amene ankayika mphumi pansi kasanu patsiku. Sitinena izi pofuna kunyoza makolo. Tikuzinena kuti tidziwe kuti nsembe ya umbombo siyang'ana dzina la munthu kapena kofia imene wavala. Umbombo womwewo ndiwo lero ukutikokeretsa tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, kenaka nkumadabwa kuti chambo chapita kuti.

Mng'alu wachiwiri ndi wakuti nyumba yonseyi idamangidwa pa ngongole ya chiongola dzanja, imene Qur'an yolemekezeka imaitcha riba. Chakumapeto kwa Surat Al-Baqara, Allah adaloleza malonda naletsa riba, ndipo adalamula kuti wangongole amene wapanikizika apatsidwe nthawi. Taonani zimene zidachitikira America iwo eni. Mabanki adabwereketsa ndalama zogulira nyumba kwa anthu amene sakadatha kubweza, kenaka ngongolezo adazimanga mitolo nkumagulitsana okhaokha ngati katundu. Anthu atalephera kubweza, mtolo wonse udamasuka. Pa 15 Sepitembala 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers idagwa, ndipo mwezi wotsatira nyumba ya malamulo ya dzikolo idavomereza madola 700 biliyoni opulumutsira mabanki. Mabanki adapulumuka, koma mabanja mamiliyoni adataya nyumba zawo. Palibe chigawenga chidaponya bomba tsiku limenelo. Nyumba idadyedwa ndi chiswe cha mkati. Ife kuno riba timaidziwa ndi dzina lina: katapira. Mnyamata akatenga K50,000 yogulira mafuta a usiku umodzi nkulonjeza kubweza K75,000, mwera nkuwomba sabata yathunthu, amayamba kusodzera mwini katapira, ndipo mapeto ake amagulitsa ukonde umene ukadamudyetsa.

Mng'alu wachitatu ndi wakuti phindu limakwera phiri kupita kwa ochepa, pamene kugwa kumatsikira kudambo kwa ambiri. Akuluakulu muli muno mukukumbukira njala ya 2002. Dziko lidali ndi chimanga chosungidwa choposa matani 160,000. Bungwe la IMF lidalangiza boma kuti lichepetse nkhokwe pofuna kubweza ngongole, koma chimene chidachitika ndi chakuti pafupifupi chimanga chonse chidagulitsidwa. Zokolola za 2001 zitavuta, ena mwa amene adachigula motsika mtengo adachisunga kudikira kuti njala ikhwime, ndipo mtengo udakwera kangapo konse. Pofika Febuluwale 2002 boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi. M'buku la wamalonda chaka chimenecho chidali chaka chabwino. M'midzi mwathu chidali chaka cha maliro. Chimodzimodzi mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wosunga madola adadzuka wolemera kuposa dzulo, pamene mayi wogulitsa usipa pa thandala adadzuka ndi mpamba wofota m'manja, chonsecho sadalakwe kanthu.

Mng'alu wachinayi ndi umene ukutifikitsa pa nkhani ya zigawenga. Chuma cha mtundu uwu chimaima pa chikhulupiriro chakuti mawa lidzakhala ngati lero. Ndalama ya pepala, masheya, inshuwalansi, maulendo a ndege, zonsezi zimayenda chifukwa anthu sakuopa. Mantha akangolowa, wogula amabweza dzanja m'thumba, wobwereketsa amatseka chitseko, ndipo nyumba yaitali imayamba kugwedera. Zigawenga zidauona mng'alu umenewu.

Nkhonya imene idapeza mutu waukulu

Akale adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Dziko la Soviet Union litatha mu 1991, America adatsala yekha pamwamba, ndi asilikali, zombo za nkhondo ndi chuma chimene palibe dziko likadalimbana nacho maso ndi maso. Koma pa 11 Sepitembala 2001 anthu 19 okha, onyamula timipeni, adalanda ndege zinayi za anthu apaulendo. Ziwiri adaziwombetsa ku nyumba zosanja za World Trade Center ku New York, imodzi ku Pentagon, likulu la asilikali, ndipo yachinayi idagwera m'munda ku Pennsylvania. Anthu pafupifupi 3,000 ochokera m'maiko oposa 90 adafa tsiku limenelo. Mwa iwo mudali ophika, osesa, ozimitsa moto, ndiponso Asilamu amene adangodzukira kuntchito. Komiti imene idafufuza nkhaniyi idapeza kuti chiwembu chonsecho chidadya ndalama za pakati pa madola 400,000 ndi 500,000. Msika wa masheya wa ku New York udatsekedwa mpaka pa 17 Sepitembala.

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kumvetsa pa chiopsezo cha mtundu uwu.

Choyamba, chigawenga sichingagonjetse dziko lamphamvu pa nkhondo, ndipo icho chimadziwa zimenezo. Chilibe dziko, chilibe likulu loti nkuliphulitsa nkhondo nkutha. Chimabwereka zida za mdani wake: ndege zake, mabanki ake, wailesi zake za kanema, ndipo masiku ano intaneti yake. Misewu yotseguka imene imalemeretsa dziko lamalonda ndi yomwenso wachiwembu amadzera.

Chachiwiri, cholinga cha chigawenga ndi kuputa. Linthumbu likalowa m'chitamba silingaphe njovu, koma njovu imadzimenyetsa yokha m'mitengo, nkuponda minda ya anthu osalakwa. Osama bin Laden adaulula yekha mu 2004 kuti ankafuna kuyamwa chuma cha America mpaka chiphwe. America adalowa mu Afghanistan mu Okutobala 2001, nalowanso mu Iraq mu Malichi 2003 ponena kuti kuli zida zoopsa, zimene sizidapezeke. Adatuluka mu Kabul mu Ogasiti 2021, patatha zaka pafupifupi 20, ndipo a Taliban amene adawachotsa aja ndi amene adabwerera pampando. Ofufuza a pa Brown University adawerengera mu 2021 kuti nkhondo zimenezi zidadya madola pafupifupi 8 thiriliyoni, ndipo anthu pafupifupi 900,000 adaphedwa m'kumenyanako. Bin Laden adaphedwa mu 2011, koma m'mabwinja a Iraq mudamera gulu lina loipa kuposa loyamba, lodzitcha Islamic State, limene lidalanda mzinda wa Mosul mu 2014. Ndipo poti mu ulamuliro wa mpamba chilichonse chimasanduka malonda, nkhondo nayo idasanduka msika: makampani opanga zida ndi olondera adakolola pamene amasiye ankachuluka.

Chachitatu, amene amafa kwambiri si amphamvu. Pa 7 Ogasiti 1998 mabomba adaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam. Anthu 224 adafa, ndipo mwa iwo Aamerika adali 12 okha. Otsalawo ambiri adali Afirika anzathu, oyenda pamsewu ndi ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana. Ku Iraq, ku Pakistan, ku Somalia ndi kumpoto kwa Nigeria, mabomba a anthu odzitcha omenyera Chisilamu aphulikira m'misika ndi m'mizikiti, pakati pa Asilamu ali chiimire pa Swala.

Abale athu, chigamulo cha chipembedzo chathu pa nkhaniyi nchomveka. Surat Al-Maaida, ndime 32, ikuyerekeza kupha munthu mmodzi wosalakwa ndi kupha mtundu wonse wa anthu. Khalifa Abu Bakr (R.A.) potumiza asilikali ake adawaletsa kupha amayi, ana, okalamba ndi anthu odzipatula m'nyumba zawo zopempherera, nawaletsanso kudula mitengo ya zipatso. Ngati malire amenewo adayikidwa pa nkhondo yeniyeni yolamulidwa ndi mtsogoleri wovomerezeka, nanga ndani adapatsa mnyamata chilolezo chopha anthu pamsika? Anthu otere si achilendo m'mbiri yathu. Makhawarij ankaswali kwambiri ndi kuwerenga Qur'an usiku, koma adayamba kutcha Asilamu anzawo akafiri, ndipo mmodzi wa iwo ndiye adapha Ali (R.A.) ku Kufa mu 661. Mwini katapira ndi chigawenga amadana pakamwa, koma amafanana pa chinthu chimodzi: onse akayang'ana munthu amaona nambala. Wina amawerenga phindu, wina amawerenga mitembo.

Zimene zidatichitikira mu 2003

Njovu itayamba kudzimenyetsa m'mitengo, phazi lake lidafika ndi kuno komwe. Mu Juni 2003, kutatsala masabata ochepa kuti Pulezidenti George W. Bush ayendere maiko a mu Africa, amuna asanu Achisilamu ochokera kunja amene ankakhala ku Blantyre, awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Kenya, wina wa ku Saudi Arabia ndi wina wa ku Sudan, adagwidwa powaganizira kuti ankathandiza gulu la al-Qaeda ndi ndalama. Khoti lalikulu lidalamula kuti asatulutsidwe m'dziko, koma adakwezedwa ndege natulutsidwa ali m'manja mwa Aamerika. Patapita pafupifupi mwezi adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Izi zidachitika pamene mtsogoleri wa dziko lino adali Msilamu, a Bakili Muluzi.

Phunziro loyamba ndi lakuti dziko lamphamvu likachita mantha limapondereza malamulo a dziko laling'ono, ndipo dziko lodalira thandizo la eni mpamba limavutika kunena kuti ayi. Kudandaula kwa Asilamu pa nkhaniyi kudali koyenera. Koma phunziro lachiwiri ndi lowawa, ndipo ndi lathu. Ku Mangochi ena mwa ife adatengeka ndi mkwiyo, naphwanya matchalitchi ndi maofesi a bungwe la Save the Children, mpaka boma lidatumiza asilikali. Akhristu a ku Mangochi sadagwire munthu, sadakweze munthu ndege. Adali anansi athu, ogula nsomba zathu, amene timaika nawo maliro. Tsiku limenelo tidachita pang'ono chomwecho chimene timadzudzula amphamvu akachichita mokulira: kulanga wosalakwa chifukwa wolakwa ali patali. Ndipo amene ankafuna kunena kuti Msilamu ndi munthu wachiwawa adapeza chithunzi chimene ankachisowa.

Moto wa kwa anansi

Kukacha bwino, tikaima pa doko timaona mapiri a tsidya lija. Ilo ndi dera la Niassa, m'dziko la Mozambique, ndipo kum'mawa kwake kuli dera la Cabo Delgado, limene lili m'mphepete mwa nyanja yamchere. Anthu a m'gombe limenelo ambiri ndi Asilamu, asodzi ndi amalonda ang'onoang'ono, ndipo Chisilamu chidawafikira ndi zombo monga chidatifikira ife. Ku Montepuez kudapezeka miyala ya mtengo wapatali ya ruby mu 2009, ndipo mu 2010 pansi pa nyanja padapezeka gasi wochuluka. Makampani akuluakulu adafika, ntchito imodzi yokha ya gasi ya kampani ya Total nkukhala ya madola pafupifupi 20 biliyoni. Anyamata a m'deralo adaona magalimoto akudutsa, ntchito zabwino zikupita kwa obwera, midzi ina ikusamutsidwa, ndipo mu 2017 okumba miyala pawokha adathamangitsidwa m'migodi. Mu 2016 zidaululikanso kuti akuluakulu ena a boma adatenga ngongole zobisa za madola pafupifupi 2 biliyoni, zina mwa izo ati zogulira zombo zophera nsomba, zombo zimene zidangokhala pa doko la Maputo kuchita dzimbiri, ndalama ya dzikolo nkugwa.

M'nthaka yotereyi mudagwa mbewu yoipa. Kudabwera alaliki amene ankauza anyamata kuti mashehe a makolo awo ndi osochera, kuti sukulu ya boma ndi ukafiri, ndipo ena ankalowa mumzikiti atavala nsapato, mipeni ili m'chiuno. Ofufuza a m'dzikomo adapeza kuti anyamata ambiri adakopedwa ndi ndalama: ankapatsidwa mpamba woyambira bizinesi, ndipo tsiku lobweza litafika adauzidwa kuti abweze ndi mfuti. Atsogoleri Achisilamu a m'deralo adachenjeza boma nthawi isanathe, koma sadamvedwe msanga. Pa 5 Okutobala 2017 gululi lidaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Mu Malichi 2021 lidalowa m'tauni ya Palma, ndipo mwezi wotsatira Total idaimitsa ntchito yake. Mu Julaye chaka chomwecho kudafika asilikali a Rwanda ndi a maiko a SADC. Anthu masauzande aphedwa, oposa 1 miliyoni adathawapo m'nyumba zawo, ndipo ambiri mwa ophedwa ndi othawawo ndi Asilamu osauka, osati eni gasi. Chakumapeto kwa 2021 zigawengazi zidawolokera m'boma la Mecula ku Niassa, ndipo mu Epulo 2025 zidaukiranso m'nkhalango yotetezedwa ya m'deralo.

Mecula ali kutali ndi gombe la tsidya lija, ndipo sitikunena izi kuti tikuopsezeni. Koma dziko lino lidasungapo anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique imene idatha mu 1992, choncho tikudziwa kuti utsi wa kumeneko suchedwa kufika kuno. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndipo tidzifunse moona mtima: mnyamata wa ku Mocímboa, wopanda ntchito, wa ngongole, woona chuma chikudutsa pakhomo pake, akusiyana pati ndi mnyamata amene wakhala kumbuyo kwa mzikiti uno? Ulamuliro wa mpamba umalima munda wa mkwiyo, ndipo chigawenga chimangobwera kudzakolola.

Gawo lachiwiri la khutba

Abale ndi alongo, sitingasinthe mitengo ya ku New York, ndipo sitingalamule maiko amphamvu. Koma Allah sadzatifunsa za New York. Adzatifunsa za doko lathu, sikelo yathu ndi ana athu. Tikupemphani zinthu zisanu.

Choyamba, makolo tifunse gwero la ndalama. Mwana akabwera ndi mpamba umene sitikudziwa kumene wachokera, kapena akati wapeza womulipirira ulendo wa ntchito kaya wa maphunziro a dini kumalo amene sakuwatchula bwino, tisaombe m'manja msanga. Tikhale naye pansi, tidziwe dzina la sukuluyo, tifunse mashehe athu. Tidziwenso zimene akumvera pa foni usiku. Akayamba kunena kuti Swala ya bambo ake siyolandiridwa, kapena kuti mnansi wake ndi woyenera kuphedwa, tisamuthamangitse pakhomo ndipo tisamubise. Timutengere kwa odziwa, pakuti kuwongola mtengo mpoyamba.

Chachiwiri, Zakaat isanduke mpamba. Amene chuma chawo chafika pa mlingo wa nisaab ndipo chatha chaka, K2.50 pa K100 iliyonse si yawo. Alimi a mpunga amene zokolola zafika pa mlingo wake, gawo limodzi mwa magawo 10 pa munda wa mvula, ndi limodzi mwa magawo 20 pa munda wothirira molipira, ndi la osowa. Mwa magulu asanu ndi atatu amene Surat At-Tawba idawatchula kuti alandire Zakaat muli anthu a ngongole. M'malo mogawa tindalama totha tsiku limodzi, komiti ya mzikiti iganizire zomuombola mnyamata mmodzi kwa mwini katapira ndi kumugulira ukonde. Tikhazikitsenso thumba la qardh hasan, ngongole yopanda chiongola dzanja, lolembedwa bwino m'kaundula pamaso pa mboni, kuti wosowa mafuta a boti agogode pa chitseko cha mzikiti asanagogode pa chitseko cha mlendo.

Chachitatu, tikonze muyeso wathu. Tisamadzudzule mabanki a ku America pamene ife tili ndi zigoba ziwiri, chachikulu chogulira ndi chaching'ono chogulitsira. Surat Al-Mutwaffifiin idatsika chifukwa cha khalidwe limeneli. Mtumiki (S.A.W.) adapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika napeza chonyowa chabisidwa pansi, ndipo adamudzudzula mwini wake. Adaletsa kuchingamira obweretsa katundu panjira asanadziwe mtengo wa pamsika, adaletsa kubisa chakudya podikira njala, ndipo adalamula kuti wantchito azilipidwa mwachangu. Inu eni maboti, anyamata amene amakoka chilimira usiku wonse alandire gawo lawo lonse m'mawa womwewo. Inu ogula mpunga, musaugule udakali m'munda pa mtengo wa njala ya Febuluwale.

Chachinayi, tiike malire pa phindu lathu. Anzathu a ku Salima ali ndi chitsanzo. Pa chilumba cha Mbenji, pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo mwambo umenewu wakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachokapo, nadzabwerera nsomba zitachuluka. Iwo adaphunzira kunena mawu amene mpamba sutha kunena: basi, zotsalazo ndi za ana athu. Nafenso tilemekeze nyengo yotseka, ndipo neti ya udzudzu ibwerere pa mphasa ya mwana.

Chachisanu, tikalakwiridwa tidandaule m'njira yake. Tili ndi mafumu, tili ndi makhoti, tili ndi mabungwe athu Achisilamu, ndipo kuyambira mu 1992 Asilamu ndi Akhristu akhala pamodzi mu Public Affairs Committee kulankhula ndi olamula. Kukhala chete pa chisalungamo si Chisilamu, koma mwala woponyedwa pa tchalitchi cha mnansi sunabwezepo munthu wogwidwa. Ana athu apite ku madrassa ndi ku sukulu komwe, anyamata ndi atsikana, kuti mawa tikhale ndi maloya, aphunzitsi ndi owerengera chuma amene adzayankhe amphamvu ndi cholembera.

Mutu waukulu udalandira nkhonya, ndipo pobwezera udadzipweteka wokha nupwetekanso ambiri osalakwa. Ife mitu yathu ndi yaing'ono, sitingapirire ngakhale nkhonya imodzi yotere. Chitetezo chathu ndi mnyamata amene ali ndi ukonde wake, ngongole yake yopanda katapira, shehe amene amamudziwa dzina, ndi mnansi Mkhristu amene amamupatsa moni m'mawa. Mnyamata wotere mlendo wa ndalama ndi mfuti alibe pomugwira.

Tikupempha Allah ateteze dziko lathu la Malawi ku chiwawa, ku njala ndi ku ngongole. Awatonthoze abale athu a ku Cabo Delgado ndi ku Niassa, ndipo abwezere othawa m'midzi yawo mwamtendere. Awachitire chifundo onse ophedwa popanda mlandu, kulikonse kumene adagwera. Awaongole anyamata athu, awapatse rizq ya halaal, ndipo adalitse nyanja yathu ndi minda yathu. Atikhululukire ife, makolo athu ndi onse amene adatsogola. Aamiin.